Za Madzi a Shire ndi Gawo la Okhala Kumunsi

Mtsinje wa Shire, umene anthu a kuchigwa autcha Tchiri, ndiwo khomo lokhalo lotulukira madzi a m'nyanja ya Malawi. Mitsinje yothira m'nyanjamo ndi yambiri, monga Songwe, Rukuru, Dwangwa, Bua, Linthipe, ndi Ruhuhu wochokera kutsidya ku Tanzania. Koma wotulukamo ndi umodzi wokha. Uchoka m'nyanja pafupi ndi Mangochi, nupyola m'nyanja yaing'ono ya Malombe, nufika ku Liwonde uli wofatsa. Kuyambira ku Matope ugwa m'mathithi, pa Kholombidzo, pa Nkula, pa Tedzani, pa Mpatamanga ndi pa Kapichira, kutsika mapazi oposa 1,000. Ndipo utafika ku Chikwawa, m'dziko lotentha, ufatsanso, numwazika m'dambo lalikulu, nulandira Ruo pa Chiromo, nupitirira Nsanje kufikira ukomana ndi Zambezi m'dziko la Mozambique. Ulendo wake wonse ndi mailosi ngati 250.

Madzi amenewa ali nawo ambiri owayembekezera. Makina a m'mathithi awafuna kuti apange magetsi. Mzinda wa Blantyre uwapopa pa Walker's Ferry kuti anthu ake amwe. Minda ya nzimbe ya ku Nchalo iwamwa m'chilimwe. Ndipo kumunsi kwenikweni, potsiriza pa mzere wonse, kuli msodzi ndi bwato lake, mayi ndi dimba lake la mbatata, ndi dambo lomwe pamodzi ndi nsomba, mvuu ndi mbalame zake. Onsewa amwera mtsinje umodzi, koma chitseko chake chili ku Liwonde. Tiyeni tsono tilondole mbiri ya mtsinjewu, kuti tione umo anthu anaphunzirira, pang'onopang'ono ndi mwa zowawa, kuti madzi opyola chitseko nafika m'dambo sali madzi otayika, ndi kuti wogwira chitseko agwira m'manja mwake nkhokwe za anthu amene sanawaone nkhope.

Mtsinje usanakhale ndi chitseko

Kuyambira kale Amang'anja a kuchigwa anali ndi minda ya mitundu iwiri. Wina unali wa kumphala, ndiko kumtunda kouma, kumene anabzala mapira ndi mchewere poyembekeza mvula. Koma mvula ya kuchigwa ndi yosakhulupirika, ndipo dzuwa lake liwotcha mbewu zisanakhwime. Wina unali wa kudimba, m'mbali mwa dambo. M'dzinja mtsinje unadzala, nusefukira, nuyala matope a chonde pamwamba pa nthaka. Ndipo pamene madzi anayamba kuphwa, m'miyezi ya Epulo ndi Meyi, anthu anawatsata m'mbuyo ndi makasu, nabzala chimanga, nyemba, maungu ndi mbatata m'dothi lachinyontho, lero apa, sabata la mawa patsogolo pang'ono, monga momwe madzi anachokera. Potero munthu amene mphala inam'mana anakolola kudimba, ndipo njala sinakhalitse m'nyumba mwake.

Nsomba nazonso zitsata mwambo womwewo. Mlamba suikira mazira pakati pa mtsinje pothamanga madzi, koma ulindira chigumula choyamba, nulowa m'udzu womizidwa, nuswana m'menemo. Ndipo ana ake akulira m'madzi osaya ndi ofunda, mmene chakudya chichuluka ndi adani akuluakulu safika. Madzi akaphwa, nsomba zitsalira m'mathamanda, ndi anthu azigwira ndi miono ndi maukonde: milamba, mphende, ndi dowe uja adzikwirira m'matope kulindira mvula ina. Chaka cha njala yoopsa akazi alowa m'dambo pa mabwato kukazula nyika, ndiyo mizu ya maluwa a pamadzi, naiphikira ana awo. Chifukwa chake dambo linali nkhokwe yachiwiri ya mudzi uliwonse, yosalukidwa ndi manja, imene chigumula chinaidzaza chaka ndi chaka.

Mu 1859 Dr. David Livingstone anakwera mtsinjewu pa sitima yaing'ono ya nthunzi yotchedwa Ma Robert. Popyola dambo la pakati pa Chiromo ndi Chikwawa anaona njovu zimene anaziyesa ngati 800. Ndicho chifukwa chake alitcha Elephant Marsh, ndiko kunena Dambo la Njovu, kufikira lero, chinkana njovuzo zinatha kalekale ndi mfuti za ofuna minyanga. Iye ndi amene anadza m'mbuyo mwake anauyesa mtsinje ngati msewu. Mu 1875 anthu mazanamazana anasenza zidutswa za sitima ya Ilala kulambalala mathithi, naimanganso kumtunda. Ndipo m'zaka zotsatapo sitima za kampani ya African Lakes zinakwera ndi kutsika ndi katundu. Apa ndi pamene panayambira kuyesa mtsinje ndi miyeso iwiri: mlendo anafunsa ngati madzi akwanira kuyandamitsa sitima, mwini dziko nafunsa ngati afika kudimba kwake pa nyengo yake.

Zaka zimene mtsinje unaima

Nyanja ifanana ndi mtsuko wodzala, ndipo Shire ndiwo madzi osefukira pamlomo pake. Mwa madzi onse amene nyanja itaya m'chaka, ochuluka akwera kumwamba ndi dzuwa ndi mphepo; otsika m'Shire ali ngati gawo limodzi mwa magawo asanu. Tsono nyanja ikatsika mapazi owerengeka okha, pamlomo pauma. Ndimo zinachitikira poyamba pa zaka za m'ma 1900. Mvula inachepa zaka zotsatizana, nyanja inatsika, ndipo pofika 1915 mchenga, bango ndi gumbwa zinatseka njira ya mtsinje kumtunda, madzi a m'nyanja naleka kutsika. Zaka ngati 20 chigwa chinakhalira madzi a Ruo ndi a timitsinje ta m'mapiri basi. Nyanja ya Malombe inauma, anthu nalima m'kati mwake. Sitima zinali zitaleka kale kufika ku Chikwawa, ndi pambuyo pake ku Chiromo komwe. Ndipo njanji, imene inafika ku Blantyre mu 1908 kuchokera ku Port Herald, ndiko ku Nsanje, anaitalikitsa mu 1915 kufikira ku Chindio pa Zambezi, kumene madzi anali okwanira.

Kuchigwa dambo linaphwa nilichepa, nilisiya poyera nthaka yaikulu yachonde. Anthu analowamo, namanga midzi pamene kale panayenda mabwato. Ndipo Asena ambiri, othawa thangata la Apwitikizi ndi nkhondo ya Makombe ya mu 1917, anapeza malo m'menemo. Thonje linabala bwino, ndipo kuyambira 1923 kampani ya British Cotton Growing Association inaligula m'misika ya kuchigwa, kotero kuti chigwa cha Shire chinaposa maboma onse a m'Nyasaland pa ulimi wa thonje. Ana obadwa masiku amenewo anakula osadziwa kuti munda wa atate awo unali pogona mvuu.

Koma akulu anati, madzi saiwala khwawa. Nyanja inali kukwera mwakachetechete kuseri kwa mchenga uja, ndipo cha m'ma 1935 inauboola, madzi natsikanso m'njira yawo yakale. M'zaka zowerengeka dambo linabwerera m'malo mwake. Minda ya thonje inamira, midzi inasamuka, anthu anapanikizana kumphala kumene nthaka inali youma. Amuna ambiri anapita kukagwira ntchito ku Southern Rhodesia, ena nasiya khasu, natola nkhafi ndi ukonde. Mu 1948 zisumbu za udzu zoyandama zinakokolola ulalo wa njanji pa Chiromo, ndipo pa njala yaikulu ya 1949 chimanga cha thandizo chinaoloka pamenepo movutika.

Taonani chimene zaka izi ziphunzitsa. Palibe munthu anatseka mtsinje mu 1915, ndipo palibe anautsegula mu 1935. Koma kutsekeka ndi kutseguka kwa pakamwa pa nyanja kunasanduliza moyo wa anthu okhala mailosi oposa 150 kumunsi, amene ambiri a iwo nyanjayo sanaione ndi maso. Madzi atachepa, wa thonje anakondwa, msodzi nalira. Atachuluka, msodzi anakondwa, wa thonje nalira. Ndipo chimene mchenga unachita wosadziwa, anthu anayamba kulingalira kuchichita dala.

Chitseko cha ku Liwonde

Nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, Boma la Angerezi linaitana amisiri a kampani ya Sir William Halcrow kuti ayese mtsinje wonse, ndipo mu 1954 anapereka maganizo awo. Anafuna kuimitsa nyanja pa muyeso umodzi chifukwa cha madooko ndi sitima, kupanga magetsi m'mathithi, ndi kuumitsa madambo a kuchigwa kuti asanduke minda ya thonje, mpunga ndi nzimbe. M'mawerengedwe otere dambo linali malo ogona chabe, odzala udzudzu ndi ng'ona, ndi madzi olowamo anali otayika. Milamba youma, mbatata za kudimba, bango la mphasa ndi msipu wa ng'ombe wa m'chilimwe sizinalemere m'mabuku monga mabelo a thonje, pakuti zambiri za izo zinathera pakhomo ndi m'misika ya m'midzi, osapyola pa sikelo ya Boma.

Mu 1956 anaunjika dothi kupingasa mtsinje ku Liwonde, nautseka. Ndipo aka kanali koyamba kuti dzanja la munthu liimitse Shire. Tchingolo silinakhalitse, pakuti mu 1957 linabooledwa, madzi napitanso. Ndalama za ntchito yonse ija sizinapezeke, ndipo madambo sanaumitsidwe. Koma mu 1965, chaka chimodzi dziko litalandira ufulu, anamaliza chitseko chokhazikika cha zipata 14, chotchedwa Kamuzu Barrage. Mu 1966 makina oyamba a pa Nkula anayamba kuzungulira, ndi chaka chomwecho nzimbe za ku Nchalo zinayamba kupangidwa shuga. Makina a pa Tedzani anatsata mu 1973, ndi a pa Kapichira mu 2000.

Tisachepse zokoma za ntchito izi. Nyali ya m'chipatala, chigayo chimene chinapumitsa amayi athu ku mtondo, mpopi wa m'tauni, malipiro a anthu zikwi zambiri odula nzimbe, zonsezi zichokera m'madzi a Shire. Ndipo kufikira lero gawo lalikulu la magetsi a dziko la Malawi lipangidwa mu mtsinje umodzi womwewu. Wonena kuti chitseko chichotsedwe sanalingalire bwino. Koma tiyenera kuzindikira kuti zofuna za makina ndi zofuna za dambo zisiyana. Makina akondwa ndi madzi ofanana tsiku ndi tsiku, Okutobala monga Januwale. Koma dambo likhala ndi moyo pa kukwera ndi kutsika kwa madzi. Akakhala pamwamba chaka chonse, dimba silituluka, ndipo palibe pobzala. Akakhala pansi chaka chonse, mlamba usowa poswanira, mathamanda auma, makasu ndi ng'ombe zilowa pakati pa dambo, ndi mvuu, posowa pokhala ndi podya, zitulukira m'minda ya anthu.

Palinso kusiyana kwina kumene owerenga ayenera kukusunga mumtima. Makina a magetsi abwereka madzi, nawabweza mu mtsinje kunsi kwa mathithi. Koma munda wothiriridwa uwamwa, ndi ochepa okha abwerera. Ndiponso munda umva ludzu koposa m'miyezi ya Seputembala, Okutobala ndi Novembala, ndiyo nyengo imene timitsinje ta m'mapiri taphwa. M'dzinja chigumula cha kuchigwa chichokera makamaka ku mvula ya m'mapiri a Mulanje ndi Thyolo, yotsika ndi Ruo, ndi ya kumadzulo yotsika ndi Mwanza, ndipo chitseko cha ku Liwonde sichikhoza kuiletsa. Koma m'chilimwe madzi ochuluka ofika m'dambo ndi amene apyola pa zipata zija. Pamenepo ndi pamene mlandu wa kugawa ukula.

Chimene anaona anansi athu a ku Kafue

Mlandu wotere suli wa Shire wokha, ndipo tichita bwino kuyang'ana kwa anansi athu a ku Zambia, amene anayamba kale kuyesa kuuweruza. Mtsinje wa Kafue, umenenso uthira m'Zambezi, uli ndi dambo lalikulu koposa lathu, kumene Aila ndi Atonga adyetsa ng'ombe zawo madzi akaphwa, ndi kumene kukhala nyama yonga mphoyo, yokonda kuyenda m'madzi osaya, yotchedwa lechwe. Kunsi kwa dambolo anamanga damu la magetsi la Kafue Gorge poyamba pa zaka za m'ma 1970. Ndipo kumtunda kwake anamanga la Itezhi-Tezhi, lomalizidwa mu 1977, losungira madzi a m'dzinja kuti makina asasowe m'chilimwe. Potero dambo linakhala pakati pa zitseko ziwiri.

Omanga Itezhi-Tezhi anachita chinthu chimene masiku amenewo chinali chachilendo, pakuti analemba gawo la dambo. Anapangana kuti chaka chilichonse, m'mwezi wa Malichi, masabata anayi, adzatsegula madzi okwana makiyubiki mita 300 pa sekondi, ndiko kunena migolo ya malita 200 yokwana 1,500 pa sekondi iliyonse, kuti dambo lilawe chigumula monga kale. Chinali chiyambi chabwino, koma chinaperewera pawiri. Chigumula chakale chinakhala miyezi ingapo, nichidza molingana ndi mvula ya chakacho. Ichi chinali cha mwezi umodzi, chotsata kalendala. Ndipo m'zaka za chilala za m'ma 1990, pamene dambo linachisowa koposa, madzi anasungidwira magetsi, ndi gawo lolonjezedwa lija silinaperekedwe zaka zina. Mbali ya dambo yoyandikana ndi damu la kunsi inamira chaka chonse, mbali zina zinauma, ndi chitsamba chaminga chochokera ku America, chotchedwa mimosa, chinalanda msipu. Lechwe, amene anali ngati 100,000 poyamba pa zaka za m'ma 1970, anachepa kufikira osakwana 30,000 mu 2015. Ndipo chinkana alenje opha mobisa ali ndi gawo lawo pa mlandu umenewu, kusinthika kwa madzi kuli ndi lakenso. Mu 2004 Boma la Zambia, kampani ya magetsi ya ZESCO ndi bungwe la WWF anakonza malamulo atsopano, akuti kutsegula kwa madzi kutsanzire mvula ya chaka.

Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe. Kulemba gawo la okhala kumunsi nkwabwino. Koma pangano lotere liyesedwa chaka cha chilala, pamene aliyense wa kumtunda ali ndi chifukwa chomveka cha kulidyera. Ndicho chifukwa chake dziko la South Africa, m'lamulo lake la madzi la 1998, linaika kuti madzi akumwa anthu ndi madzi osunga moyo wa mtsinje apatulidwe poyamba, ndi otsala okha agawidwe kwa minda ndi migodi. Monga mlimi wanzeru apatula mbewu asanayambe kutapa m'nkhokwe, osaiphika chinkana ana alire.

Shire wa masiku athu

Tibwerere kwathu. Mu 2013 Nyumba ya Malamulo inaika lamulo latsopano la madzi, pamodzi ndi bungwe la National Water Resources Authority, lopereka chilolezo kwa otunga madzi ambiri ndi kuyang'anira zipata za ku Liwonde. Mu 2017 Dambo la Njovu, la maekala oposa 150,000, linalembedwa m'kaundula wa madambo ofunika pa dziko lonse, monga mwa pangano limene maiko anachita ku Ramsar, m'dziko la Iran, mu 1971. Malo amene mu 1954 anayesedwa oyenera kuumitsidwa, zitapita zaka 63 anayesedwa chuma choyenera kusungidwa. Chitseko cha ku Liwonde nacho anachikonzanso m'zaka zomwezo, nachikweza, kuti chisunge madzi ambiri m'nyanja.

Zaka izi zaonetsa kulemera kwa ntchito ya wogwira zipata. Mu 2016 ndi 2017 nyanja inatsika, magetsi anazima maola ambiri tsiku ndi tsiku, zigayo zinaima, ndi anthu anadandaula kuti madzi achepa. Mu 2024 nyanja inakwera koopsa, nilowa m'nyumba ndi m'minda ya m'mbali mwake ku Mangochi, ku Salima ndi ku Nkhotakota, ndipo eni ake anafuula kuti zipata zitsegulidwe. Koma kuzitsegula zonse kukadatsanulira madziwo pa makina a m'mathithi ndi pa anthu a ku Chikwawa ndi Nsanje, amene anali asanapole mabala a chigumula cha 2015, a namondwe wa Ana mu 2022, ndi a Freddy mu 2023. Wotseka alakwira a kumtunda, wotsegula alakwira a kumunsi. Ndipo a kumunsi ayenera kuti awakumbukire kawiri, pa madzi ochuluka ndi pa ochepa.

Kwafikanso mwini wina wa ludzu lalikulu. Mu 2020 anayamba kukumba ngalande yaikulu yochokera pa Kapichira, yoti ithirire maekala oposa 100,000 ku Chikwawa ndi Nsanje, mbali ina minda ya nzimbe yakale, mbali ina minda yatsopano ya eni midzi. Ntchito iyi ndi yofunika, ndipo munthu amene anaona ana a kuchigwa akudya nyika sadzaitsutsa. Oikonza anakumbukira ngakhale nsomba: poona kuti mathithi a Kapichira ndiwo analetsa kuyambira kale mcheni wa m'Zambezi, wa mano akuthwa, kukwera kunka kunyanja, anaika phompho m'ngalandemo kuti usapeze njira yolambalalira. Kukumbukira kotere ndiko kufunikanso pa muyeso wa madzi. Pakuti ngalandeyi ipatuka kumtunda kwa dambo, ndi minda yake idzamva ludzu m'miyezi yomwe ija ya dzuwa. Dimba latsopano likathiriridwa ndi madzi ochotsedwa pakamwa pa msodzi ndi pa dimba lakale, njala siichoka m'chigwa, ingosamukira ku mudzi wina.

Gawo lathu

Kapena wowerenga wa ku Dedza kapena wa ku Ntcheu adzati, Izi ndi za Boma ndi za amisiri, ine ndilibe chitseko. Koma abale, kamtsinje ka kumudzi kwanu ndiko Shire wamng'ono, ndipo mlandu wake ndi womwewu. M'mwezi wa Okutobala munthu atchinga khwawa ndi matumba a mchenga, naika pampu, nathirira tomato ndi anyezi ake bwino. Ndipo kumunsi kwake akazi afukula mchenga ndi zipande m'mbandakucha, ng'ombe zizungulira pathamanda louma, ndi matemba athera m'matope. Iyeyo sanabe kanthu m'nyumba ya mnzake, koma watseka chitseko.

Ndiponso mitengo yotha ndi makala m'mapiri, ndi minda yolimidwa kufikira pagombe penipeni, zisanduliza mtsinje koposa zipata. Nthaka yopanda chofunda siimwa mvula. Madzi athamanga tsiku limodzi ngati chigumula chofiira, ndi akasupe amene akadadyetsa mtsinje m'chilimwe aphwa. Dothi lochoka m'minda ya kumtunda litsika ndi Rivirivi ndi Lisungwi, nilidzaza madamu a pa Nkula ndi pa Kapichira, nilikwirira mathamanda a m'dambo. Potero nkhwangwa ya ku Neno imveka ku Nsanje.

Mbiri ya Shire yationetsa kuti chigwa chinamira ndi kuuma kale popanda wochifunsa, ndi kuti tsopano mphamvu imene inali ya mchenga ili m'manja mwa anthu, amene akhoza kufunsidwa mlandu. Chifukwa chake gawo la dambo lilembedwe poyera, muyeso wake ndi miyezi yake, kuti ndi msodzi yemwe alidziwe. Lisungidwe chaka cha chilala monga chaka cha mvula. Ndipo pamene akulu akhala upo wa kugawa madzi, akhalepo mafumu, asodzi ndi amayi a madimba a ku Chikwawa ndi Nsanje, pakuti nsomba ndi mbalame zilibe pakamwa pena koma pawo. Ife a m'midzi tiyambire pamene tili. Tisiye bango ndi mitengo ya m'gombe iime. Ndipo pabwalo la amfumu, pokambirana za kutchinga khwawa chilimwe chikudzachi, asanagwire khasu munthu aliyense, mmodzi wa inu aimirire nafunse mwaulemu kuti, Nanga a kumunsi tawasiyira madzi otani?